Chifukwa chake chimanga chopaka uchi ndi piripiri chikupserera

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene amawotcha chimanga pafupi ndi pokwerera machapa (maminibasi onyamula anthu). Iwo akuti: "Ndinalawa chimanga chopaka uchi ndi piripiri paukwati wina mumzinda wa Tete, ndipo ndinaganiza zoyamba kugulitsa chotero. Ndayesa katatu. Ndimapaka uchi wosakaniza ndi tsabola ndisanaike chimanga pawaya, koma chimada bii kunja n'kumawawa ngati mankhwala, pamene njere zake m'kati zidakali zaziwisi. Kodi vuto ndi uchi wanga, kapena chimanga chathu cha kuno sichiyenera zimenezi?"

Mayi, uchi wanu ulibe mlandu, ndipo chimanga cha ku Angónia nachonso chilibe mlandu. Chimene chikukuwonongerani malonda ndi nthawi imene mukupaka uchiwo. Chimanga ndi uchi zimafuna moto wosiyana ndiponso nthawi yosiyana, ndipo mukaziika pamoto limodzi kuyambira pachiyambi, uchi umatha kupserera chimanga chisanayambe n'komwe kupsa. Uchi uyenera kubwera kumapeto, chimanga chitapsa kale moti munthu akhoza kuchidya, ndipo ukhale pamoto kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Zina zonse zimene ndifotokoze pano zikungothandizira mfundo imeneyi.

Ndiyambe ndi zimene zimachitika pawaya, chifukwa mukazimvetsa simudzafunikanso wokuuzani. Shuga wamba wochokera ku nzimbe amayamba kusungunuka ndi kufiirira kutentha kukafika pafupifupi madigiri 160. Uchi ndi wosachedwa kuposa pamenepo, pakuti mbali yaikulu ya kutsekemera kwake imachokera ku mtundu wa shuga wotchedwa fructose, umene umayamba kufiirira pa madigiri 110 okha. Tsono pamwamba pa makala oyaka bwino kutentha kumapitirira madigiri 250 mosavuta. Chimanga chathu chachiwisi chimafuna mphindi 15 mpaka 20 pamoto woterowo kuti kutentha kulowe m'kati mwa njere iliyonse, pamene uchi umachoka pa kufiirira kokoma kufika pa kuda kowawa m'mphindi zochepa kwambiri. Kuwawa kumene mukukumva ndi kwa shuga amene wasanduka khala. Palinso china: uchi ukada msanga umakunamizani maso, mumaona ngati chimanga chapsa ndipo mumachiphula, chonsecho chimene chapsa ndi chopakacho. N'chifukwa chake m'kati mukupeza muli mosapsa.

Tsabola naye amavutika chimodzimodzi. Piripiri wosinja akakhala pamoto waukali kwa nthawi yaitali amataya fungo lake labwino, amatsala ndi kuwawa kopserera, ndipo utsi wake umakhosomoletsa wowotcha pamodzi ndi onse oyima pafupi. Ngati munaona anthu akusuntha pamene munali kuyesa, chifukwa chake n'chimenecho.

Tsopano za chimanga chenichenicho, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono popeza mwafunsa ngati chathu chikuyenera. Chimanga chimene ophika a m'mahotela amakonda kupaka zotsekemera nthawi zambiri ndi mtundu wina, wanjere zofewa ndi zamadzimadzi, umene umapsa m'mphindi zosakwana khumi. Chathu cha m'munda, kaya cha makolo kaya cha haibulidi, chinasankhidwa kuti chidzapereke ufa, choncho khungu la njere zake ndi lolimba ndipo chimafulumira kukhwima. Zimenezi sizichilepheretsa. Ine ndimaona kuti mondokwa wathu ndiye amagwirizana bwino ndi uchi, chifukwa si wotsekemera kwambiri payekha ndipo ali ndi potafuna, pamene chimanga chotsekemera kale chikapakidwanso uchi chimafika pokola. Chofunika ndi kuchipeza pa msinkhu woyenera.

Njira yoyesera mukuidziwa, koma pa ntchito iyi muitsate mosamala kuposa masiku onse. Sendani makoko pang'ono chapakati pa chimanga, osati kunsonga, ndipo mutsine njere imodzi ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ikaphulika n'kutulutsa madzi oyera ngati mkaka, chimenecho ndicho chabwino koposa. Ikatulutsa madzi oonekera ngati a m'chitsime, chikadali chanthete ndipo pamoto chidzangofota. Ikatulutsa zolimba ngati phala la dzulo, kapena chikhadabo chikangosiya chidindo osaboola, chakhwima. Chimanga chokhwimacho chimawotcheka ndithu, ndipo alipo makasitomala amene amachikonda chifukwa chimachedwa kutha m'kamwa, koma chikapakidwa uchi chimakhala chotsekemera kunja kokha n'kumalimba ngati mwala chikangozizira. Onaninso ndevu zake: zikhale zofiirira ndi zouma kunsonga koma zonyowa pang'ono m'kati mwa makoko, ndipo makokowo akhale obiriwira ndi ogwira chimanga mwamphamvu.

Chimanga chikangothyoledwa, shuga wa m'njere amayamba kusanduka ufa, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Inu a ku Angónia muli ndi mwayi umene anzanu a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete alibe, chifukwa muli pamtunda wopitirira mamita 1,000 pomwe kumazizira, ndipo minda ili pafupi. Chimanga chothyola m'mawa ku Dómuè kapena m'madimba ozungulira Ulónguè chikhoza kufika pambaula panu tsiku lomwelo. Chosenza pagalimoto kutsikira kuchigwa cha Zambezi, n'kugona m'thumba usiku umodzi kapena uwiri m'kutentha kwa kumeneko, chimafika chitataya kukoma kwake kwambiri. Choncho gulani chokwanira tsiku limodzi, muchisunge pamthunzi ndi makoko ake, ndipo musende pokhapokha pamene mukufuna kuchiika pamoto. Chimanga cha mvula, cha mu February ndi March, sichivuta kupeza chanthete bwino. Cha m'madimba cha nyengo yotentha chimakhwima mofulumira, kotero kuti kusiyana kwa masiku atatu okha kumamveka m'mano.

Mukamagula mufunsenso mlimi za mankhwala. Chiyambire pamene mbozi zachilendo zowononga chimanga, zotchedwa fall armyworm, zinafika m'dziko muno mu 2017, alimi ambiri amapopera m'minda, makamaka m'madimba, ndipo mankhwala aliwonse ali ndi masiku ake olembedwa pabotolo oyenera kudikira mbewu isanadyedwe. Chimanga chachiwisi chimadyedwa msanga kusiyana ndi chouma, ndiye funso loti munapopera liti si lachipongwe. Chimene chabooledwa ndi mbozi n'kuchita chuku mkati musachiwotche, ngakhale mutadula mbali yoipayo, pakuti moto suchotsa poizoni wa chuku.

Ngati tsiku lina mwapeza chimanga chokhwimirapo ndipo palibe china, chiphikeni kaye m'madzi a mchere pang'ono kwa mphindi 10 mpaka 15, muchitsanule, muchisiye chiume mpaka nthunzi itatha, kenaka muchiike pawaya. Chikatero chimangofuna mphindi zochepa kuti chigwire fungo la moto, ndipo chimakhala chofewa ngakhale chitazizira. Musachiike pamoto chikudontha madzi, chifukwa chimachedwa kufiirira ndipo chopaka sichimamatira pa njere zonyowa.

Za moto. Makala a mitengo yolimba monga tsanya amatentha kwambiri ndipo amakhalitsa, n'chifukwa chake owotcha amawakonda, koma ukali wawo womwewo ndi umene umapsereza uchi. Dikirani mpaka malawi atatha ndipo makala ayamba kuvala phulusa loyera. Kenaka chitani chinthu chimodzi chimene chidzasinthe ntchito yanu yonse: kankhirani makala ambiri mbali imodzi ya mbaula, mbali inayo musiye ochepa chabe. Mukatero muli ndi moto uwiri pambaula imodzi, waukali wowotchera ndi wofatsa womalizira. Kuti mudziwe ngati mbali yofatsayo yafatsadi, ikani chikhatho chanu pamwamba pa waya, motalikira ngati utali wa dzanja, ndipo muwerenge. Mukachotsa musanafike pa zitatu, motowo ndi wowotchera. Mukapirira mpaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, pamenepo uchi ukhoza kukhala. Poyatsa musagwiritse ntchito mapepala apulasitiki kapena palafini, chifukwa chopaka chamafuta chimakoka fungo lililonse, ndipo malasha a m'migodi monga a ku Moatize musawayese n'komwe powotchera chakudya, pakuti utsi wake ndi woipa m'thupi ndiponso umawononga kukoma. Mvula ikagwa musalowetse mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya wa makala sununkha koma umapha.

Kawotchedwe kake ndi komwe mumachita kale. Chimanga chosenda, chopanda kanthu kalikonse, chiikeni mbali yaukali ndipo muzichitembenuza pang'onopang'ono njere zikayamba kuthetheka, mpaka mbali zonse zitafiirira ndi timadontho takuda apa ndi apo. Chotsani njere imodzi yapakati mulawe. Ngati mungathe kugulitsa chimangacho mmene chililimu, ndiye kuti nthawi yopaka yakwana. Ngati simungathe, chibwezereni pamoto.

Chopakacho ndimachikonza motere, chokwanira zimanga zisanu ndi chimodzi zazikulu bwino: masupuni aakulu atatu a uchi, masupuni awiri a mafuta ophikira kapena majarini, supuni imodzi ya madzi a ndimu, theka la supuni yaing'ono ya mchere, piripiri awiri kapena atatu, ndi kachidutswa kamodzi ka adyo. Sinjani piripiri, adyo ndi mchere pamodzi mpaka zitasalala. Tenthetsani mafuta m'kapoto pamoto wofatsa, muikemo zosinjazo, muvundule kwa mphindi imodzi mpaka fungo litatuluka koma adyo asanafiire, ndipo muphule. Mukaphula m'pamene muthire uchi ndi ndimu, n'kutakasa mpaka zonse zitagwirana. Zikhale zoyenderera ngati phala la mwana, zogwira kumbuyo kwa supuni koma zosakoka ulusi. Zikalimba, onjezerani supuni ya madzi ofunda.

Mafutawo musawaone ngati ongowonjezera. Chimene chimawawa mu tsabola, chotchedwa capsaicin, chimasungunuka m'mafuta koma osati m'madzi, ndipo n'chifukwa chake munthu amene walumidwa ndi piripiri sathandizidwa ndi kumwa madzi. Mukangosakaniza tsabola ndi uchi wokha, kuwawako kumakhala m'tizidutswa, kotero kuti wina amaluma malo opanda kanthu kenaka n'kuluma malo oyaka moto. Mafuta amatenga kuwawako n'kukufalitsa mofanana pa chimanga chonse, amathandiza chopaka kulowa m'mizere ya pakati pa njere, ndiponso amachedwetsako kupserera kwa uchi. Ukali wambiri wa tsabola uli m'timinofu toyera tam'kati pomwe pamamatira njere zake, choncho mukafuna fungo la piripiri popanda kuliza ana, ng'ambani tsabola n'kupala zam'katizo musanasinje. Piripiri wouma wosinja amagwiranso ntchito, ndipo pa malonda ndi wosavuta chifukwa mphamvu yake sisinthasintha tsiku ndi tsiku. Yambani ndi theka la supuni yaing'ono, mulawe, kenaka muwonjezere. Mukatha kugwira tsabola sambani m'manja ndi sopo musanakhudze m'maso kapena kunyamula mwana.

Chowawasa ndi mchere ndi zimene ambiri amaiwala, ndipo popanda izo chimangacho chimangomveka ngati switi. Ndimu ndiye wosavuta kupeza. Koma m'chigawo chathu tili ndi bwemba, amene ine ndimamuika patsogolo pa ndimu pa ntchito imeneyi, chifukwa kuwawasa kwake n'kozama ndipo sikuuluka ndi kutentha. Viikani bwemba wodzaza dzanja m'madzi ofunda ochepa, mufinye ndi zala, musefe, ndipo mutengeko supuni imodzi ndi theka m'malo mwa ndimu. Ufa wa malambe, umene umapezeka wambiri kuchigwa monga ku Changara, nawo ndi wabwino, koma umenewo musauike m'kapoto chifukwa umalimbitsa chopaka. Uwazeni pang'ono pamwamba chimanga chitachoka pamoto.

Chopakira simufunika kugula. Tengani makoko atatu kapena anayi am'kati, oyera ndi ofewa aja, muwapinde pakati, mumange kumutu ndi kachingwe ka khoko lomwelo, ndipo kunsonga mung'ambe timizere ndi chikhadabo. Chimenecho chimapaka bwino kuposa supuni, sichisungunuka ngati burashi yapulasitiki, ndipo madzulo mumangochitaya pamoto. Chotsani chimanga pawaya, muchigwire chopendekeka pamwamba pa kapoto, mupake mopyapyala kuchokera kutsinde kupita kunsonga, ndipo zotsala zidonthere m'kapoto momwemo osati pamakala, pakuti dontho lililonse logwera pamoto limabutsa lawi ndi mwaye. Kenaka chiikeni mbali yofatsa ndipo musachokepo. Muzichitembenuza mosalekeza. Mudzaona timathovu ting'onoting'ono tikuwira m'mizere, kenaka njere zidzayamba kunyezimira ndi kusanduka zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo fungo lidzasintha kuchoka pa la uchi wauwisi kufika pa la shuga wokazinga. Pamenepo phulani. Mukamva fungo loluma m'mphuno kapena kuona utsi wabuluu, mwachedwa ndi masekondi ochepa. Wofuna kukoma kwambiri mum'pakirenso kachiwiri chimanga chili m'manja, osachibwezeranso pamoto, chifukwa kupaka kopyapyala kawiri kumaposa kupaka kochindikala kamodzi.

Popeza mukufuna kugulitsa, pali nkhani ya mtengo wa uchi, imene siyaing'ono. Uchi weniweni ndi wodula, ndipo pa chimanga chogulitsa pamsewu phindu lonse likhoza kuthera m'botolo. Shuga wabulauni amalowa m'malo bwino: masupuni atatu a shuga muwasungunule m'masupuni awiri a madzi pamoto wofatsa mpaka timiyala tonse titatha, kenaka mupitirize monga ndafotokozera. Shuga amapirira moto kuposa uchi, choncho kwa woyamba kumene ndi wosavuta. Njira imene ndingakulangizeni ndi yapakati, magawo awiri a shuga ndi gawo limodzi la uchi, chifukwa fungo la uchi limamvekabe koma mtengo umatsika. Mukachita zimenezi muziwauza ogula zoona zake, osanena kuti ndi uchi wokhawokha. Ineyo ndinagulapo botolo la uchi m'mbali mwa msewu limene linali shuga wophika wothira uchi pang'ono pamwamba, ndipo ndinazindikira nditakonza kale chakudya cha alendo. Sindinabwererenso kwa wogulitsayo, ndipo makasitomala anu adzachita chimodzimodzi akamva kuti anamizidwa.

Musapake chimanga chonse n'kuchiyala kudikira ogula. Chopakidwa chikazizira chimamata, chimagwira fumbi la machapa, ndipo chimaitana ntchentche ndi njuchi. Muziwotcha mwachizolowezi, n'kusunga zakupsa m'mphepete mwa waya, ndipo munthu akafuna chauchi mum'pakire pomwepo iye akuona. Mphindi ziwiri amadikira, ndipo fungo limene limatuluka panthawiyo ndi limene limakopa wachiwiri. Kapoto kazikhala kovundikira. Popatsira gwiritsani makoko oyera awiri kapena atatu ngati chogwirira, chifukwa nyuzipepala imamatirira ku uchi n'kusiya inki pa chakudya. Ndikulangizaninso kukhala ndi timapoto tiwiri, kena kowawa bwino ndi kena kongonunkhira tsabola, pakuti apaulendo ambiri amagulira ana. Mwana wosakwana chaka chimodzi asalawe uchi mwa njira iliyonse, ngakhale wodutsa pamoto, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato, ndipo kutentha kwa mphindi ziwiri sikutipha. Mukaona mayi akufuna kunyambititsa khanda chala, muuzeni mwaulemu.

Chopaka chikonzeni chokwanira tsiku limodzi. Adyo wauwisi wokhala m'mafuta pamalo otentha kwa masiku angapo akhoza kudwalitsa ngakhale osanunkha, ndipo kapoto kamene mwakhala mukuviikamo chopakira tsiku lonse si koyenera kugoneka. Ngati mukufuna kuchepetsa ntchito ya m'mawa, sinjiranitu piripiri wouma ndi mchere n'kusunga m'botolo louma, ndipo zina zonse muzisakaniza tsiku lomwelo.

Waya wanu nawo udzafuna chisamaliro chimene sunkafuna kale. Shuga wotsalira pawaya amapserera mobwerezabwereza, ndipo mawa lake amadetsa ndi kuwawitsa ngakhale chimanga chosapaka. Madzulo, waya ukadali wofunda, upaleni ndi chitsononkho chouma mpaka zakuda zitachoka, kenaka muupukute ndi kansalu konyowa. Musanayambe kugulitsa, yesani kaye kunyumba ndi zimanga zitatu za msinkhu umodzi: choyamba muchiphule pakatha mphindi imodzi chipakidwire, chachiwiri pakatha ziwiri, chachitatu pakatha zitatu, ndipo mulawe zonse pamodzi ndi a m'banja mwanu. Mbaula iliyonse ili ndi ukali wake malinga ndi kutalika kwa waya ndi mtundu wa makala, ndipo mwa zitatuzo mudzapeza nthawi yoyenera mbaula yanu.